Mfuti ya sipeya pa mpikisano: yankho kwa achimwene a ku Luchenza

Lachitatu lapitali madzulo, chiperoni chitaphimba phiri lonse la Mulanje moti kuno ku Chitakale sitimaona ngakhale minda ya tiyi ya kutsidya, ndinalandira imelo yochokera kwa mkulu wina wa ku Luchenza. Dzina sinditchula, chifukwa munthu wosunga mfuti m'nyumba sayenera kulengezedwa pa intaneti. Akuti atha chaka ndi theka akuchita masewera owomba chandamale ndi mfuti ya m'manja. Mfuti yawo ndi CZ Shadow 2 ya 9mm, ndipo mapepala ake onse ali bwinobwino. Chaka chamawa akufuna kukayesa mpikisano waukulu ku Joni. Ndiye mnzawo wina akugulitsa Glock 17 pamtengo wabwino, ndipo akufunsa kuti: "Kodi ndiigule kuti ikhale ya sipeya, poopa kuti yangayi ingadzafe mpikisano uli mkati?"

Achimwene, zikomo kwambiri pondilembera. Glock imeneyo musagule, ndipo miyezi ino musathamangire mfuti ina iliyonse. Koma mantha anuwo ndikuwamvetsa, chifukwa inenso ndinabwererapo kunyumba mfuti itafa m'chikwama.

Tiyambe ndi zimene malamulo a masewerawa amanena, chifukwa ambiri amaganiza kuti mfuti ya sipeya ili ngati tayala la sipeya, loti likaphulika lina umangosintha n'kupitiriza ulendo. Poti mwatchula Shadow 2 ndi ku Joni, ndikudziwa kuti mukunena za IPSC, bungwe la padziko lonse loyendetsa masewera owomberawa, lija linakhazikitsidwa mu 1976 ku Columbia, Missouri, mtsogoleri wake woyamba ali Jeff Cooper. Malamulo awo amati munthu agwiritse ntchito mfuti imodzi yomweyo kuyambira siteji (chigawo cha mpikisano) yoyamba mpaka yomaliza, ndipo saloledwa kukhala ndi mfuti ziwiri m'thupi pamene akuwomba. Mfuti ikakanirira muli pa siteji, mumaloledwa kuikonza pomwepo mutailozetsa kotetezeka, koma nthawi imakhala ikuwerengedwabe, ndipo zikapitirira mphindi ziwiri Range Officer, woyang'anira sitejiyo, amakuimitsani. Samakupatsani mwayi wobwereza. Amangowerenga zimene mwamenya, n'kuchotsa mapointi 10 pa chipolopolo chilichonse chosowa pa chandamale. Siteji yaitali imafika zipolopolo 32, kutanthauza mapointi 160, ndiye mfuti ikafa pa chipolopolo chachisanu ndi chimodzi, siteji imeneyo mwapata ziro. Ngakhale mutakhala ndi mfuti zitatu m'galimoto, sizingakubwezereni siteji imeneyo.

Chimene mfuti yachiwiri imapulumutsa ndi masiteji otsalawo. Ndipo simumangoitenga nokha. Mumapita kaye kwa Range Master, mkulu wa oyang'anira onse pa mpikisanowo, iyeyo aone kuti yoyambayo yafadi kapena yakhala yoopsa, kuti yachiwiriyo ikugwirizana ndi gulu limene mwalembetsa, kuti sikukupatsani mwayi woposa anzanu, ndiponso kuti zipolopolo zanu zikawombedwa mu mfuti yatsopanoyo zikufikabe pa power factor (muyeso wa mphamvu ya chipolopolo) yofunika, yomwe mu Production, gulu la mfuti ngati yanuyo, ndi 125. Mukasintha mwakachetechete osapempha, akhoza kukuchotsani mu mpikisano wonse.

Ine zinandichitikira zaka zapitazo pa mpikisano wa masiku awiri kunja kwa dziko lino. Tsiku loyamba, dzuwa lili paliwombo, ndili pa siteji yachinayi, slide, chitsulo cha pamwamba chija chimathamangira m'mbuyo ndi kutsogolo mfuti ikawomba, inangouma pakati, osapita kutsogolo osabwerera m'mbuyo. Nditapita ku safety area, malo ololedwa kugwirirapo mfuti yopanda zipolopolo, ndinapeza kuti slide stop, yomwe imagwira slide, yathyoka pakati. Kachitsulo kosaposa chala cha mwana. Ndinali nditalipira ulendo, malo ogona, zipolopolo ndi mapepala a m'malire, koma kachitsulo kameneko ndinalibe. Usiku umenewo ndinagona ndikuganiza zomwe inu mukuganizazi, kuti ndikanakhala ndi mfuti ina. M'mawa mwake mkulu wina wa m'gulu lathu, munthu wa imvi amene anayamba masewerawa ine ndisanadziwe n'komwe kuti aliko, anatsegula kachitini kake n'kutulutsa ma slide stop atatu. Anandipatsa imodzi, tinaiika, ndipo pasanathe mphindi zisanu mfuti inali itadzuka. Masiteji atatu a dzulo lake anali atapita kale. Kuchokera tsiku limenelo ndimayenda ndi kachitini kanga.

Ndafotokoza zimenezi chifukwa mfuti za mpikisano zimafa m'njira zodziwika, ndipo pafupifupi zonse ndi za tizitsulo ting'onoting'ono. Pa banja la CZ 75, momwe Shadow 2 yanuyo inachokera, zimene zimatha msanga ndi slide stop ndi kasipuling'i kobweza trigger. Kenako pamabwera extractor, kambedza kaja kamakoka chikhungwa cha chipolopolo chowombedwa, ndi sipuling'i yake, recoil spring yobweza slide imene imafooka pang'onopang'ono osakuuzani, firing pin yomenya chipolopolo kuti chiphulike, ndi kaulusi kowala ka pa sight (cholozera) yakutsogolo kamene kamatha kugwa popanda chifukwa chooneka. Zonsezi zimakwana m'kachitini ka mafuta odzola, ndipo mtengo wake wonse pamodzi sufika ngakhale pafupi ndi mtengo wa mfuti. Komanso nthawi zambiri munthu akamati mfuti yakanirira, wolakwa sakhala mfutiyo. Amakhala magazini, kabokosi koikamo zipolopolo, imene yagwa pamchenga kambirimbiri mpaka milomo yake yapindika, kapena zipolopolo zosapangidwa bwino. Lembani manambala pansi pa magazini anu onse. Tsiku limene mfuti yavuta, onani kuti munali nambala yanji. Mudzadabwa kuona kuti ndi imodzi yomweyomweyo.

Zilipo ndithu ngozi zimene kachitini sikangathandize. Yoopsa kwambiri ndi squib, pamene chipolopolo chopanda onga wokwanira chimangoti phu n'kutsakamira mu mpope wa mfuti. Mukamva kaphokoso kofooka chonchi, imani pomwepo, chala kunja. Mukawomba china pambuyo pake, mpope umatupa kapena kung'ambika, ndipo dzanja lanu lili pomwepo. Slide imathanso kuchita mng'alu pa mfuti imene yawomba zipolopolo zochuluka kwambiri. Izi zimachitika, koma mwa apo ndi apo, ndipo munthu wa chaka ndi theka pa mfuti yachitsulo ngati yanuyo sanafike pamenepo.

Tsopano za Glock. Ndi mfuti yabwino, yolimba, yosavuta kusamala, ndipo Range Master akhoza kuivomereza chifukwa nayonso ili mu Production. Vuto lili m'manja mwanu. Shadow 2 ndi yachitsulo yonse, imalemera pafupifupi makilogalamu 1.3. Glock 17 thupi lake ndi lapulasitiki, ndipo ikakhala yopanda zipolopolo kulemera kwake kumangopitirira pang'ono theka la pamenepo. Chogwirira chake n'chopendekeka mosiyana, moti munthu wozolowera CZ akasolola Glock mothamanga amapeza mphuno yake yaloza m'mwamba. Trigger ya CZ imakhala yaitali ndi yolemera pa chipolopolo choyamba kenako n'kufupika, pomwe ya Glock imakhala chimodzimodzi nthawi zonse. Holster (chikwama cha mfuti cha pa lamba) ina, magazini ena, timatumba ta magazini mwina tina, masipeya ena. Ndiye taganizani: mwangotaya siteji, mtima uli m'mwamba, anzanu akukudikirani, kenako mukuvala lamba wachilendo ndi mfuti imene mwaiwomba kawiri chaka chonse. Mpikisano mudzaumaliza, koma mudzauwomba ngati mlendo. Ndipo mukati muziphunzira zonse ziwiri mofanana, zipolopolo zochepa zimene mumakwanitsa kugulazo muzizigawa pawiri. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa.

Pali chinanso chofunika kuchiganizira pa nkhaniyi. Kuno kwathu mfuti iliyonse imayenda ndi mapepala akeake pansi pa Firearms Act ya 1967. Laisensi ya Shadow 2 yanu siphimba Glock ya mnzanuyo. Muyenera kupempha chilolezo kupolisi musanaitenge, ilembetsedwe m'dzina lanu kwa Registrar of Firearms, ndipo laisensi yake muziikonzanso chaka ndi chaka. Chonde achimwene, ngakhale mnzanuyo ndi wa pamtima, musalole zoti "tengani kaye, mapepala tikonza pambuyo". Mukapezeka nayo pa rodibuloko ya pamsewu wa Thyolo, chinansi chanu sichidzakuyankhirani kukhoti.

Ndipo mfuti yachiwiri ndi katundu wachiwiri wa m'nyumba. Ya mpikisano mumaigwira sabata ndi sabata, mumadziwa pamene ili ndi mmene ilili. Ya sipeya imangokhala, ndipo chinthu chongokhala chimaiwalika. Mfuti yoiwalika ndi imene imabedwa mwini wake n'kudzazindikira patatha mwezi, ndiponso ndi imene mwana amaipeza. Sindikudziwa za pakhomo panu, koma ngati mulibe safe yachitsulo yomangiriridwa kukhoma kapena pansi, zipolopolo zili kokhoma kwina, kiyi ali ndi inu nokha, ndalama za Glock zipite kumeneko lero lomwe. Kambiraninso ndi mayi a kunyumba. Nawonso amagona m'nyumba momwemo.

Tisaiwalenso nyengo yathu ino. Mulanje ndi Thyolo ndi madera a mvula yambiri, n'chifukwa chake tiyi amakonda kuno. Mvula ikatha mu Epulo, chiperoni chimalowa kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo chinyezi chimafika mpaka m'kabati. Ndinaonapo mfuti imene inasungidwa m'bokosi lake la siponji kwa dzinja limodzi lokha, potsegula tinapeza dzimbiri lamera pa slide ndi m'masipuling'i a magazini. Siponji imamwa chinyezi n'kuchisunga pa chitsulo. Mfuti ya sipeya kuno imafuna kupukutidwa ndi mafuta mwezi ndi mwezi ndi timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi mu safe, apo ayi tsiku lomwe mudzaifune ndi limene mudzapeze kuti nayonso ndi yodwala.

Nanga ilipo nthawi imene mfuti yachiwiri imakhala yanzeru? Ilipo, ndipo mwina mudzafikapo. Mpikisano waukulu wa Level III umakhala ndi masiteji osachepera 12, ndipo World Shoot, mpikisano wa padziko lonse, monga ija inachitikira ku Pietersburg, komwe lero ndi Polokwane, mu 2002, imakhala ndi masiteji osachepera 30 kwa masiku angapo. Munthu amene amapita ku mipikisano yotere kangapo pachaka, amene amawomba zipolopolo zikwizikwi pophunzira, ndiponso amene akulimbirana malo apamwamba, kwa iyeyo kufa kwa mfuti tsiku loyamba ndi kutaya ndalama zoposa mtengo wa mfuti ina. Ameneyo agule. Koma agule mapasa: Shadow 2 inanso, sight yofanana, masipuling'i ofanana, zogwirira zofanana, yolowa mu holster yomweyo ndi kudya magazini omwewo. Ndipo anthu odziwa sasunga imodzi m'bokosi. Amaphunzirira pa imodzi, imene imadya zipolopolo zambiri ndi kutha msanga, n'kusunga inayo, yoyesedwa bwino, kuti ikhale ya tsiku la mpikisano. Mwanjira imeneyi zonse ziwiri amazidziwa, ndipo zonse ziwiri zimakhala zamoyo.

Ngakhale pamenepo, kumbukirani kuti walira mvula walira matope. Popita ku Joni mfuti iliyonse imafuna chilolezo chotulukira m'dziko muno, ndi chilolezo cholowera ku South Africa chimene amapempha pa fomu ya SAPS 520 pansi pa Firearms Control Act yawo ya 2000, nambala ya mfuti iliyonse italembedwa, pamodzi ndi kalata yokuitanani ku mpikisano. Mukadzera pamsewu wa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, ndiye kuti mwawonjezera Mozambique ndi Zimbabwe, aliyense ndi malamulo ake. N'chifukwa chake ine ndimakonda kukwera ndege pa Chileka. Mfuti imayenda yopanda chipolopolo m'bokosi lolimba lokhoma, mumadziwitsa kampani ya ndege nthawi ikadalipo, ndipo zipolopolo salola kupitirira makilogalamu 5 pa munthu mmodzi. Yambani mapepala amenewa miyezi ingapo ulendo usanafike.

Pa ulendo wanu woyambawu, chitani izi. Pezani slide stop ziwiri, tisipuling'i ta trigger tiwiri, extractor ndi sipuling'i yake, recoil spring, firing pin, ulusi wa sight, ndi magazini ena awiri kapena atatu, zonse kudzera kwa wogulitsa wovomerezeka ndipo mufunse kupolisi ngati china mwa izo chikufuna chilolezo. Mukazipeza musangoziponya m'chitini. Khalani pansi ndi munthu wodziwa, mfuti ili yopanda kanthu ndipo zipolopolo zili chipinda china, muphunzire kusintha chilichonse ndi manja anu mpaka muzichita osaona pa foni. Chitsulo chilichonse cha sipeya chiikeni mu mfuti, muwombe nacho magazini angapo, muone kuti chikugwira, kenako muchichotse n'kuchisunga. Kukatsala mwezi umodzi, ikani masipuling'i atsopano ndi slide stop yatsopano, muwombe nazo zipolopolo mazana awiri kapena atatu, ndipo kuchokera pamenepo musasinthenso kanthu. Lemberaninso okonza mpikisano muwafunse ngati padzakhale wokonza mfuti pamalopo, ndi zimene lamulo la kumeneko limanena pa kubwereka mfuti ya mnzanu zinthu zikavuta.

Ndalama zotsala pa Glock ija mugulire zipolopolo. Gulaninso kabuku ka sukulu, muzilembamo tsiku lililonse limene mwawomba, zipolopolo zingati, magazini ati, ndi chilichonse chimene chavuta. Mukadzabwerako ku Joni mundilemberenso, mundiuze chiwerengero cha m'kabukumo ndi mipikisano ingati imene mukufuna kupita chaka chotsatira, tidzaone limodzi ngati nthawi ya Shadow 2 yachiwiri yakwana.