Kodi ma drone adzatilanda ntchito yosamala nkhalango ndi mabusa?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa ku Luchenza amene wangolemba kumene mayeso a Fomu 4. Mtima wake uli pa maphunziro a zankhalango ndi kasamalidwe ka malo odyetsera ziweto, koma amalume ake amuuza kuti asataye nthawi chifukwa masiku ano ma drone (tindege touluka popanda munthu m'kati) ndi makompyuta ndiwo akuyang'anira mitengo. Iye akufunsa kuti: "Ndikadzamaliza sukulu, ntchitoyo ndidzaipeza ilipo?"

Achemwali, mudzaipeza. Koma amalume anuwo sakunama kotheratu, ndiye tiyambe ndi pamene alondola.

Ntchito yowerenga ndi kuyeza ikupitadi m'manja mwa makina. Kale kuti munthu adziwe kukula kwa malo amene adulidwa, ankayenda masiku ndi tepi ndi kabuku. Lero zithunzi za masetilaiti a Landsat zimaonetsa nthaka m'timabokosi ta mamita 30, ndipo aliyense amene ali ndi bandulo akhoza kutsegula tsamba la pa intaneti la Global Forest Watch n'kuona pamene mitengo yatha. Ku Liwonde ndi ku Majete njovu zina zimavala makolala oonetsa komwe zili. Kunja nkhani yafika patali: kampani ya Nofence ya ku Norway ndi ya Halter ya ku New Zealand zimapanga makolala a ng'ombe amene amalira chiweto chikayandikira malire, chikakakamira n'kuchigwedeza pang'ono ndi magetsi. Busa lonse lopanda waya, mwini wake akusuntha malirewo pafoni.

Mu 2013 akatswiri awiri a ku Oxford, Carl Frey ndi Michael Osborne, anaunika ntchito 702 za ku America kuti aone zimene makina angalande msanga. Akatswiri osamala zachilengedwe, gulu lomwe muli oyang'anira mabusa, anali pansi kwambiri pa mndandandawo, pakati pa ntchito zovuta kulanda. Amene anaoneka kuti ali pachiopsezo ndi ogwira ntchito zamanja m'nkhalango. Kumeneko n'zomveka, pakuti kulemba munthu ganyu n'kodula ndipo makina odula mitengo amafika m'malo ambiri. Kuno kwathu zinthu zinatembenuka. Ndi makina ati angakwere njira ya ku Chambe, m'phiri la Mulanje, mvula itagwa?

Ndikuuzeni za mkungudza, mtengo wa fuko lathu, umene sumera mwachilengedwe kwina kulikonse padziko koma m'phiri lino la Mulanje. Phirili linakhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, koma mitengo ikuluikulu inatha ndi macheka ndi moto. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi a zankhalango ndi anthu a m'midzi akhala akubzala ina. Mbande zimafesedwa m'manazale, m'timachubu takuda, ndipo nthawi ya dzinja zimakwera phiri pamutu pa anthu. Ndinakwerapo nawo tsiku lina kuchokera ku Likhubula. Patsogolo panga panali mayi wina, nkhata pamutu, chitenje atamanga m'chiuno, akuponda mwala woterera ndi phazi lopanda nsapato. Atafika pamwamba sanangokumba paliponse. Anayamba wayang'ana komwe mphepo imachokera, n'kusankha pamthunzi wa thanthwe pomwe chinyezi chimakhalitsa, ndipo anatsendera dothi ndi zala. Chiperoni chinali chitatseka moti munthu wa pamtunda wa mamita khumi sumamuona. Drone tsiku limenelo ikanangokhala m'chikwama.

Kubzala ndi mbali yochepa. Chachikulu ndi moto. Setilaiti imauona moto, inde, ndipo uthenga umafika pafoni. Koma uthenga suzimitsa moto. Pamafunika anthu amene analambula kale njira zotchinga moto udzu usanaumitsitse, ndi ena okwera usiku ndi nthambi zaziwisi m'manja. Koposa apo pamafunika munthu wodziwa chifukwa chake motowo wabuka. Kodi ndi alenje? Ndi ocheka matabwa amene akwiya chifukwa anawalanda macheka? Ndi wina amene akufuna msipu watsopano wa mbuzi zake? Yankho la funso limeneli limapezeka pabwalo la amfumu, mutakhala pamphasa, mutapereka moni bwino, mutamvetsera madandaulo a anthu mpaka dzuwa kupendeka. Bambo wowotcha makala amadziwa bwino kuti akuwononga. Kunyumba kwake kuli ana ofuna fizi ndi ufa. Kumupezera njira ina, kaya ulimi wa njuchi, kaya ntchito ya kunazale, ndi kumuchititsa kuti akukhulupirireni, imeneyo ndiyo ntchito imene mukufuna kuphunzirayo. Za mabusa n'chimodzimodzi: kaya ndi kumadambo a ku Phalombe kaya ku Chikwawa, nkhani imakhala ya malire, ya ng'ombe zolowa m'munda wa eni, ya ndani amwetse ziweto pati. Kolala silingaweruze mlandu wotere.

Amene tinaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, matope ndi miyala zikutsika m'mapiri n'kukwirira midzi, sitifunsanso ngati anthu osamala mapiri akufunika. Mu 2025 UNESCO inaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, ndipo zimenezi zawonjezera udindo.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi ndalama. Ntchito zambiri za mtunduwu zimadalira mapulojekiti a zaka zitatu kapena zisanu, ndipo thandizo likatha anthu amabwerera kunyumba ngakhale ntchito ili tho. Boma nalo sililemba anthu chaka chilichonse. Izi muzidziwiretu, ndipo muwauzenso amalume, chifukwa mwina nkhawa yawo yeniyeni ili pamenepa.

Tsono chitani izi. Kaya mupita ku Bunda, ku Mzuni, kapena ku koleji ya zankhalango ku Chongoni ku Dedza, musathawe kompyuta. Phunzirani GIS, yomwe ndi njira yojambulira mapu pakompyuta; pulogalamu yake ya QGIS ndi yaulere. Sukulu ya African Drone and Data Academy, imene UNICEF inatsegula mu 2020, imagwira ntchito ndi yunivesite ya MUST, yomwe ili pakhomo panu pomwepo ku Ndata. Pa anthu awiri ofunsira ntchito imodzi, adzatengedwa wodziwa kuulutsa drone ndi kumasulira zithunzi zake. Koma musasiye Chilomwe cha agogo anu ngati mumachimva, ndipo musachite manyazi kugwira khasu.

Pamene mukudikira zotsatira za mayeso, kwerani minibasi mubwere ku Likhubula. Funsani nazale imene ili pafupi, mupemphe kuthandiza kuthira dothi m'machubu kwa sabata ziwiri. Mukatero mundilemberenso imelo mundiuze zimene mwaona.