Fomu yathu yadzaza ndi mauthenga a maroboti: kodi CAPTCHA ndiyo yankho?

FUNSO: Akonzi, ndimayang'anira webusayiti ya kabungwe kathu, yomwe inamangidwa pa Drupal, pulogalamu yopangira ndi kuyendetsera mawebusayiti. Kwa miyezi iwiri tsopano, fomu imene anthu amatilemberapo ikulandira mauthenga ambirimbiri otsatsa mankhwala, njuga ndi ngongole, ndipo pa fomu yolembetsera pakutsegulidwa maakaunti a mayina osamveka. Mnzanga wandilangiza kuti ndiike CAPTCHA pa fomu iliyonse. Kodi ndiyambire pati, nanga sindithamangitsa anthu enieni amene akufuna kutipeza?
Wowerenga wanu

YANKHO: Zikomo kwambiri chifukwa cha funsoli, makamaka mbali yake yachiwiri, imene ambiri amaiiwala akatopa ndi kufufuta zinyalala m'bokosi lawo. Mauthenga amene akukuvutitsaniwo salembedwa ndi munthu wokhala pa kompyuta, koma ndi mapulogalamu amene amayendayenda pa intaneti usana ndi usiku, n'kumadzaza fomu iliyonse imene aipeza yotseguka. CAPTCHA ndi kamayeso kosiyanitsa munthu ndi mapulogalamu otere. Dzinali linachokera kwa akatswiri a pa yunivesite ya Carnegie Mellon kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo mmodzi wa iwo, Luis von Ahn, ndi amene anadzayambitsa reCAPTCHA, mtundu wina wa mayesowa umene Google inagula mu 2009.

Malangizo a mnzanuyo ndikuwavomereza mbali imodzi yokha. Kamayeso kalikonse ndi chopinga chimene mukuika pakhomo panu, ndipo amene amayamba kupunthwa nacho ndi mlendo weniweni. Choncho ndingakonde kuti muyambe ndi njira imene munthu saiona n'komwe. Drupal ili ndi module (kapulogalamu kowonjezera pa webusayiti) yotchedwa Honeypot, imene imaika pa fomu kabokosi kobisika. Munthu sakaona, motero amakasiya kopanda kanthu, koma pulogalamu imene imadzaza paliponse imalembamo, ndipo uthenga wake umakanidwa. Module yomweyi imayang'ananso nthawi: fomu imene yadzazidwa ndi kutumizidwa pa masekondi ochepa kwambiri, mofulumira kuposa mmene zala za munthu zingathere, imabwezedwa. Pa webusayiti yaing'ono, zimenezi zokha kawirikawiri zimachepetsa kwambiri vutoli.

Zikapitirirabe, ikani module ya CAPTCHA. Njira yake yosavuta ndi kasamu kakang'ono, monga kufunsa kuti 7 kuphatikiza 3 ndi zingati, ndipo mumasankha nokha mafomu amene kamayesoka kaoneke. Sankhani okhawo amene aliyense angafike popanda kulowa mu akaunti, monga yolumikizirana nanu, yolembetsera ndi yopemphera pasiwedi yatsopano. Pali chinthu china chimene chimasokoneza anthu ambiri pa tsiku loyamba. Munthu amamaliza kukonza zonse, n'kutsegula fomu, koma osaona funso lililonse, ndipo amayamba kuganiza kuti walakwitsa penapake. Chifukwa chake n'chakuti woyang'anira webusayiti amakhala ndi chilolezo chodumpha mayesowa. Tulukani mu akaunti yanu, kapena tsegulani windo lachinsinsi pa browser, ndipo muyese fomuyo ngati mlendo, pa kompyuta ndi pa foni pomwe. Dziwaninso kuti tsamba lokhala ndi CAPTCHA imeneyi silisungidwa mu cache (malo osungira masamba okonzeratu kuti azitseguka msanga) monga masamba ena, kotero mukaika fomu yotere m'munsi mwa tsamba lililonse, webusayiti yonse ikhoza kuyamba kuchedwa kutseguka.

Kasamu kamagonja kwa mapulogalamu ochenjera, ndipo apa m'pamene anthu amatembenukira ku reCAPTCHA, hCaptcha kapena Turnstile ya Cloudflare. Zonsezi zimakupatsani makiyi awiri mukalembetsa adiresi ya webusayiti yanu: imodzi imakhala poyera m'tsamba, ina ndi yachinsinsi ndipo siyenera kuchoka pa seva, kompyuta imene webusayiti yanu imakhalapo. Kiyi yachinsinsiyo ndi imene seva yanu imagwiritsa ntchito pofunsa kampaniyo ngati mlendoyo wapambanadi mayeso, ndipo popanda kufunsa kumeneku kamayeso ka pa fomu n'kokongoletsa chabe. Mtundu wachitatu wa reCAPTCHA, umene unatuluka mu 2018, sufunsa kanthu, koma umapereka malikisi kuyambira 0.0 mpaka 1.0 molingana ndi mmene mlendo akuchitira pa tsamba, ndipo inu ndi amene mumaika malire. Mukakweza malirewo kwambiri, anthu enieni amakanidwa mwakachetechete osadziwa chifukwa chake. Kumbukiraninso kuti njira zimenezi zimatumiza zina zokhudza alendo anu ku kampani ina, ndipo n'koyenera kuwadziwitsa zimenezi pa tsamba lofotokoza za chinsinsi chawo.

Chimene ndikupemphani mochokera pansi pa mtima n'chakuti mupewe zilembo zopindikapindika za pa chithunzi. Munthu wosaona, amene amadalira pulogalamu yomuwerengera tsamba mokweza, akafika pamenepo amangoima, pakuti chithunzicho chinapangidwa dala kuti makina asachiwerenge. Okalamba ndi amene maso awo ndi ofooka amayesa kawiri katatu n'kutaya mtima, pamene mapulogalamu amakono amawerenga zilembozo mosavuta. Bungwe la W3C, limene limakonza miyezo ya mawebusayiti, lakhala likuchenjeza za vuto limeneli kwa zaka zambiri. Njira iliyonse imene musankhe ikhale yotheka kuidutsa ndi kiyibodi yokha, ikhale ndi mwayi womvetsera ngati ili ndi zithunzi, ndipo pafupi ndi fomu palembedwe njira ina yokupezerani.

Pa nkhani ya maakaunti abodza, musadalire CAPTCHA yokha, popeza pali anthu amene amalipidwa kuti aziyankha mayesowa m'malo mwa maroboti. Pa zoikamo za maakaunti mu Drupal, sankhani kuti wolembetsa aliyense atsimikize imelo yake, ndipo ngati olembetsa enieni ndi ochepa, akaunti iliyonse idikire chivomerezo chanu. Maakaunti amene analowa kale aja sachoka okha, choncho patulani nthawi yowaunika ndi kuwatseka, pamodzi ndi zonse zimene analemba.