Mawu anu asiyire wojambula malo

Mayi wina wanditumizira imelo yofotokoza kuti analemba nthano ya ana aang'ono ya mawu pafupifupi 1,500, koma osindikiza mabuku anaibweza ndi ndemanga yakuti mawu achuluka. Akufunsa ngati munthu wosadziwa kujambula angathe kulemba buku la zithunzi, kapena ngati ndi bwino kungoleka. Funsoli landigwira mtima, chifukwa kukhumudwa kumene kumabwera ndi kalata yokana ndimakudziwa, ndipo ndaona anthu aluso akutaya zolemba zabwino chifukwa cha ndemanga ya mzere umodzi.

Mayi, kusadziwa kujambula si cholepheretsa ayi. Olemba ambiri a mabuku a zithunzi sajambula, ndipo m'makampani ambiri osindikiza mabuku mkonzi ndiye amasankha wojambula, amene kawirikawiri amakhala munthu woti wolembayo sanakumanepo naye. Chimene mkonzi akufuna kwa inu ndi mawu okha, koma akhale mawu amene amusiyira wojambulayo ntchito yakeyake. Ndikuganiza kuti ndemanga imene munalandira ikunena zimenezi, osati kuti nthano yanu ndi yoipa.

Pamene buku langa lina linkakonzedwa, pa tsamba lina panali chiganizo chimodzi chokha chonena kuti usiku utafika kamtsikanako kanagona tulo. Zojambula zoyamba za pensulo zitandipeza, ndinaona kamtsikana kali mwakachetechete m'bulangete, diso limodzi katatseka, diso linalo likuyang'ana kuchitseko, ndipo pansi pa bedi pankaoneka mchira wa mphaka amene ine sindinamutchule paliponse m'nthanoyo. Wojambulayo anali atamuika mphaka ameneyu pa tsamba lililonse, pena kuseri kwa mpando, pena pazenera, pena akungooneka makutu okha. Buku litatuluka ndinayamba kuliwerengera ana, ndipo ndikafika pa chiganizo chija, anawo ankadzuka pamene akhala n'kumaloza chithunzi uku akukuwa kuti, “Sanagone ameneyo, akunamizira!” Mwana wina wa zaka zinayi, amene sankadziwa ndi chilembo chimodzi chomwe, anagwira tsambalo ndi manja awiri kundiletsa kutembenuza mpaka atandionetsa pamene panali mphaka. Mwana ameneyu anadziwa chinthu chimene mawu a munthu wamkulu sananene, ndipo nkhope yake inaonetsa kunyada kwa munthu amene watulukira chinsinsi payekha. Chikhala kuti ndinalemba ndime yonse yofotokoza kuti kamtsikanako kankanamizira kugona podikira mphaka wake, chisangalalo chimenechi ndikanamulanda, ndipo wojambulayo akanangobwereza ndi utoto zimene ndanena kale ndi mawu.

Anthu a mabuku anazindikira kalekale kuti m'buku lotere chithunzi chimanyamula theka la nkhani, mwinanso kuposa. Mendulo ya Caldecott, mphoto ya mabuku a zithunzi a ana ku America imene bungwe la American Library Association lakhala likupereka kuyambira mu 1938, imapita kwa wojambula. Buku la Maurice Sendak lotchedwa Where the Wild Things Are, limene linatuluka mu 1963 n'kulandira mendulo imeneyi mu 1964, lili ndi mawu 338 okha, ndipo pakati pake pali masamba angapo otsatizana opanda liwu lililonse. Sindikunena kuti kufupika pakokha ndi luso. Ndikunena kuti wolemba amene amakhulupirira wojambula ndiponso amakhulupirira mwana safunika mawu ambiri.

Ndikawerenga zolemba zazitali za ana zimene anthu amandipempha kuti ndione, ndimapeza kuti mawu owonjezera amachokera malo awiri. Malo oyamba ndi kufotokoza maonekedwe, monga mtundu wa diresi, kutalika kwa mtengo ndi kuwala kwa dzuwa, zomwe ndi ntchito ya wojambula. Malo achiwiri, amene amandiwawa kwambiri, ndi ulaliki. Wolemba amamaliza nthano bwinobwino, kenaka amaopa kuti mwana sanamve, ndiye amawonjezera ndime yolongosola phunziro. Mkonzi wina anandiuza kuti buku langa alisindikiza pokhapokha nditaika tsamba lomaliza lolangiza ana kuti azimvera akuluakulu. Ndinakana, ndipo buku limenelo silinatuluke kumeneko. Mpaka lero ndimaona kuti tsamba lotero ndi kunyoza mwana. Mwana amene waona ndi maso ake kuti kagalu kosamvera kasochera, kanyowa ndi mvula, kenaka kapezeka n'kukumbatiridwa, wamva kale zonse zimene tikufuna kumuuza, ndipo wazimva mozama kuposa mmene chiganizo cholangiza chingamufikire. Tikamubwerezera, amaphunzira chinthu china choipa, chakuti buku ndi njira ina imene akuluakulu amadzudzulira ana. Buku la zithunzi limawerengedwa kambirimbiri, usiku ndi usiku, ndipo palibe mwana amene amapempha kuti amubwerezere uphungu. Chimene amapempha ndi pamalo paja poopsa pang'ono, paja poseketsa, ndi mawu aja obwerezabwereza amene wawaloweza moti amawanena limodzi ndi wowerenga.

Pa nkhani ya kukanidwa, sindikufuna kukunamizani kuti n'chinthu chopepuka. Komabe Beatrix Potter, wolemba mabuku a ana wa ku England, osindikiza angapo atakana nthano yake ya kalulu Peter, anadzisindikizira yekha makope 250 mu 1901, ndipo chaka chotsatira kampani ya Frederick Warne inalitenga bukulo. Kalata imene mwalandira inu ili ndi ndemanga, pamene makalata ambiri okana sanena chifukwa chilichonse. Mkonzi amene wapatula nthawi kukuuzani chimene chavuta wawerenga ntchito yanu, ndipo wakupatsani poyambira.

Za masamba 32

Mabuku ambiri a zithunzi amakhala ndi masamba 32. Chifukwa chake n'chakuti makina amasindikiza masamba ambiri pa chipepala chimodzi chachikulu chimene chimapindidwa n'kudulidwa, motero chiwerengero cha masamba chimayenda m'magulu a 8 kapena 16. Mukachotsapo tsamba la mutu, la umwini wa buku ndi ena akumayambiriro, nkhani imatsala ndi malo 12 mpaka 14 a masamba awiri oyang'anizana. Mukagawa mawu 1,500 m'malo 14, paliponse pakhala mawu opitirira 100, ndipo chithunzi chisowa pokhala, mwananso atopa tsamba lisanatembenuzidwe. Ichi n'chifukwa chake akonzi ambiri masiku ano amakonda nthano za mawu osapitirira 500 kapena 600 kwa ana a zaka zitatu mpaka zisanu ndi ziwiri.

Kutembenuza tsamba ndi chida chimene wolemba wa mabuku a akuluakulu alibe m'njira imeneyi. Funso likhale kumapeto kwa tsamba lakumanja, yankho lidikire kuseri kwake, kuti dzanja la mwana lifune lokha kutembenuza. Ngati masamba awiri otsatizana akuchitikira malo amodzi, anthu omwewo atakhala pansi akulankhulana, wojambula adzajambula chithunzi chimodzi kawiri, ndipo pamenepo mudziwe kuti nkhani yaima.

Choncho tengani mapepala asanu ndi atatu, muwapinde pakati pamodzi, ndipo mukhala ndi kabuku koyeserera ka masamba 32. Dulani nthano yanu ndi lumo, muimate m'masambawo, ndipo pa tsamba lililonse mufufute chiganizo chilichonse chimene chithunzi chingathe kuonetsa. Mukatero muiwerenge mokweza, kenaka mupemphe munthu wina amene sanaionepo kuti akuwerengereni, inu mukumvetsera pamene akupunthwa. Musalipire wojambula musanatumize kwa osindikiza, pokhapokha ngati mwasankha kudzisindikizira nokha, chifukwa mkonzi angakonde mawu anu koma osakonda zithunzizo. Malangizo opita kwa wojambula muwalembe pokhapo pamene chithunzi chiyenera kutsutsana ndi mawu kuti nkhani imveke, ndipo akhale a mzere umodzi. Nthanoyo ikafika pa mawu ochepera 600, itumizeni kwa osindikiza ena, ndipo aja anakupatsani ndemanga muwafunse mwaulemu ngati angalole kuionanso.