Bwalo la mpira limadyetsa ndani?

FUNSO: Akulu, ine ndimakazinga tchipisi pa Dedza boma. Tsiku limene Dedza Dynamos ikusewera ndi Bullets kapena Wanderers, thumba la kachewere limatha dzuwa likadalipo. Koma achimwene anga, omwe ndi aphunzitsi ku Bembeke, akuti boma likamamanga mabwalo a mpira ndi ndalama za misonkho ndiye kuti likusakaza chuma. Akunena zoona ndani?
Mayi wa pachiwaya, Dedza

YANKHO: Mayi, ndalama imene mumamanga pansonga ya chitenje tsiku limenelo ndi yeniyeni, palibe angakutsutseni. Koma tawerengani masiku ake. Mu Super League muli matimu 16, choncho timu iliyonse imasewera pakhomo maulendo 15 okha m'ligi. Mwa amenewa, odzaza bwalo ndi ochepa: kukabwera Maule (Bullets), Manoma (Wanderers), mwinanso Silver Strikers. Masiku ena onsewo bwalo limangokhala, pomwe kapinga akufuna madzi, alonda akudikira malipiro.

Ndiye taonaninso amene amakugulani. Mnyamata wakabaza wochokera ku Linthipe akadya tchipisi chanu, ndalama imeneyo akanaidyera kwawo konko, pakanyenya kapena pakanema wa mpira wa ku England. Inu mwapeza, mnzanu wa ku Linthipe wagona ndi nyama yosagulidwa. M'boma la Dedza simunalowe kalikonse, ndalamayo yangosintha thumba. Yachilendo ndi ya masapota a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, koma awa amafika masana, wosewezetsa mpira akangoimba wezulo yomaliza ali kale mu minibasi pamsewu wa M1. Ogona m'maresitihausi athu ndi owerengeka. Za pageti nazo sizitsala zonse kuno, amagawana eni bwalo, matimu ndi oyendetsa mpira. Akatswiri a zachuma amene afufuza za mabwalo ku America akhala akupeza zomwezi kwa zaka zambiri: bwalo sililemeretsa dera.

Amene amadya zonona amadya mpira usanayambe n'komwe. Bwalo la Bingu ku Lilongwe, lotsegulidwa mu 2017 ndipo lolowa anthu oposa 40,000, linamangidwa ndi ngongole ya pafupifupi madola 70 miliyoni yochokera ku China, ndipo kontilakita wake anali wa konko. Iye analandira zake kalekale. Ngongoleyo tikubweza tonse, ngakhale gogo wa ku Tsangano amene sanalionepo bwalolo koma amadulidwa msonkho akagula zinthu kugolosale.

Apa achimwene anu asadzigugude pamtima msanga. Mu 2021, bungwe loyendetsa mpira mu Africa la CAF litakana mabwalo athu, Flames inkakasewera masewero a pakhomo ku Johannesburg, kulipira ndege ndi mahotela m'ndalama zakunja. Dziko liyenera kukhala ndi bwalo limodzi lovomerezeka. Kabwalo ka paboma nakonso sindikada, chifukwa ana asukulu amathamangirapo, misonkhano imachitikirapo. Timange monga timamangira holo, tikudziwa kuti ndalama yake sidzabwerera. Chimene chimandinyansa ine ndi wandale woima pansanja n'kumati bwalo lidzalemeretsa dera lonse.

Zimene sindinazimvetse mpaka lero ndi za mu 2019, pamene boma linaika K1.6 biliyoni m'bajeti yomangira Bullets ndi Wanderers mabwalo awoawo. Awa si matimu a boma, ndipo Bullets ili m'manja mwa kampani. (Ndine wa Maule kuyambira ndili mwana, musaganize kuti ndi nsanje.) Phindu likapita kwa eni timu, nawonso apise m'thumba mwawo.

Inuyo pitirizani kukazinga. Koma anyamata a khonsolo akabwera kudzadula tikiti ya msika, muwatume akafunse mabwana awo kuti gawo la pageti chaka chathachi linakwana zingati, ndiponso ngati sangakumangireni kashedi kunja kwa bwalo kuti mvula ikagwa moto wa chiwaya usamazime.