Achemwali opita ku Likoma, za TV mverani kuno

Achemwali, mwafunsa kuti poti mukusamukira ku Likoma kukagwira ntchito, TV muzikaonera pa chiyani: kebulo (TV yobwera pa waya), dishi kapena intaneti. Kebulo ichotseni kaye pa zinthu zitatuzi. Ku Likoma kulibe, ku Chizumulu kulibe. Boma lonse lija pa kalembera wa 2018 linali ndi anthu pafupifupi 14,500, ndiye ndani angakoke waya pansi pa nyanja kuchokera ku Nkhata Bay chifukwa cha makomo ochepa chonchi? Kwatsala dishi ndi intaneti basi. Ndipo amene akukuuzani kuti mungonyamula dikoda ya mlongoti ya kuno ku Lilongwe, GOtv kaya Kiliye Kiliye, musawamvere msanga. Zija zimadalira nsanja yotumiza siginolo imene ili pafupi. Imbirani kaye munthu wa m'mudzi womwe mukakhale akuuzeni ngati pakhomo pake zikugwira.

Ine kwathu ndi konko, bambo ndi mayi ali ku Makulawe, ndipo nkhani ya dishi ikangotchulidwa mtima umandiwawa mpaka lero.

Disembala 2021, Flames ikupita ku AFCON ku Cameroon, koyamba chichokereni ku Angola mu 2010. Bambo anga mpira ndi moyo wawo. Ndinapita ku Malangalanga n'kugula zonse zatsopano, TV, dikoda, dishi yaikulu ya masentimita 90, waya mpukutu wathunthu. Kuntchito sakanandilola kuchoka, ndiye mwini shopu anandiitanira mnyamata amene anali pakhonde pomwepo, ati uyu ndi mwana wathu, amaika madishi mpaka ku Area 43, musadandaule. Ndinamulipirira basi ya ku Nkhata Bay, sitima, chakudya cha panjira, ntchito yake, n'kumupatsanso ndalama yolipirira matchanelo miyezi itatu. Anakagona m'nyumba ya makolo anga. Mayi anamuphikira kondowole wa nsomba, pobwerera n'kumumangiranso usipa wouma woti akadye ndi ana. Ananditumizira chithunzi pa WhatsApp, TV ikuonetsa, bambo atakhala pampando akumwetulira.

Masewero a Guinea anaonera. A Zimbabwe aja Gabadinho Mhango anagoletsa ziwiri anaonera, anandiimbira mawu atasasa. A Senegal anati chithunzi chikumadukaduka kukachita kamphepo, koma chikumabwerera.

Kenako pa 25 Januwale 2022, tsiku la Morocco. Amene munali kuno mukukumbukira kuti namondwe Ana anali atangowononga malo opangira magetsi a ku Kapichira, dziko lonse lili mumdima. Ine ku Area 36 ndinali ndi kandulo, kawailesi ka mabatire, ndi foni yotsala pang'ono kuzima. Koma Likoma sili pa mawaya a magetsi a kumtunda kuno, ali ndi awoawo, ndiye kwawo kunali kowala. Bambo anandiimbira madzulo akunyada, ati inu a m'tauni mumvera pa wailesi, ife tionera ndi maso. Anatulutsa TV pakhonde, anabwereka mabenchi, anaitana mudzi wonse. Amfumu anabwera. Anzawo okalamba amene ankapita nawo kunyanja kale anabwera atavala majekete ngati akupita kutchalitchi. Ana anadzaza pansi.

Mpira unayamba 9 koloko usiku, mvula ndi mphepo n'kuyambanso. Sipanathe mphindi zisanu chithunzi chinauma, chinasweka timabokositimabokosi, kenako bii, kwangotsala mawu olembedwa oti palibe siginolo. Anthu ali duu kudikira. Ndiye kutsidya kwa mpanda, kwa neba amene anali ndi wailesi chabe, kunaphulika mkuwo. Gabadinho waponya kuchokera kutali kuja, chigoli chimene dziko lonse likuchikambabe, mphindi ya 7. Anthu onse pakhonde la bambo anadzuka n'kuthamangira ku wailesi ya neba, mvula ikuwakwapula. Bambo anatsala ndi amfumu ndi TV yopanda kanthu. Munthu wamkulu amene sanapemphepo kanthu kwa aliyense, manyazi anamugwira pamaso pa mudzi wake.

Ndi manyazi amenewo anatuma mdzukulu wawo, mwana wa mchemwali wanga, wa zaka 14, kuti akwere padenga akaitembenuze pang'ono. Usiku, malata onyowa, tochi ya foni kukamwa. Mwana atangoigwira dishi ija inazuka yonse, chifukwa sinamangidwe ndi mabawuti ayi, inangokhomedwa ndi misomali iwiri pa thabwa la m'mphepete mwa denga n'kukulungidwa ndi kawaya. Anatsetsereka nayo limodzi. Lata linamucheka mwendo kuchokera pabondo kutsika, anagwera pa thandala loyanikira usipa, dzanja n'kuthyoka pamfundo. Mchemwali wanga anandiimbira akulira, ndinangomva kuti mwana wagwa padenga, magazi, magazi, foni yanga n'kuzima. Ndinagogoda kwa maneba usiku umenewo kufuna pochajira, aliyense mdima. Wailesi ikulengeza kuti Hakimi wa Morocco wagoletsa chachiwiri, anthu mumsewu akudandaula za mpira, ine ndili pakhonde sindikudziwa ngati mwana ali moyo. Ngakhale ndikanakhala ndi galimoto yodzaza mafuta, ndikanapita kuti? Kumeneku sukwera basi n'kufika m'mawa, umadikira tsiku la sitima. Kunacha ndili maso. Mwanayo anamunyamula pa njinga yamoto mumvula kupita kuchipatala cha mishoni, anamusoka, anamumanga dzanja. Anachira, koma chipsera chili pomwepo ndipo dzanja lija limamupweteka kukazizira.

Tsono mverani zimene anakapeza mmisiri wa konko atapita kukaona. Dishi imene inali padenga sinali imene ndinagula ine. Inali kadishi kakang'ono kakale, kadzimbiri, kopakidwa penti pamwamba. LNB, kamutu kaja kamakhala kutsogolo kwa dishi, inali yong'aluka yomatidwa ndi tepi. Waya anali zidutswa zitatu zolumikiza, polumikizira pokulungidwa ndi jumbo ya shuga, madzi akulowa. Dikoda analembetsa pa dzina lake ndi nambala yake, ndipo pa miyezi itatu ija analipira umodzi. Katundu wanga watsopano anatsika naye panjira n'kugulitsa, kwa makolo anga n'kupititsa zinyalala. Munthu wadya nsima ya mayi anga! Wagona pa mphasa yawo, wawatchula kuti amayi, akudziwa kuti wakhoma chitsulo ndi misomali iwiri pamwamba pa mitu yawo. Anawerengera kuti nkhalamba za pachilumba sizidziwa kusiyana kwa dishi ndi dishi, ndipo mwana wawo ali kutali sabwera msanga. Kuba kotereku kumandinyansa kuposa kwa wothyola nyumba, chifukwa uyu anasankha anthu oti sangathe kumulondola. Foni yake inazima tsiku lomwelo. Nditabwerera kushopu, bambo amene ananena kuti ndi mwana wathu aja anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti sitimudziwa bwinobwino, amangobwera kudzakhala pakhondepa. Risiti ndinali nayo m'manja, ati ife tinakugulitsani katundu wabwino, za panjira si zathu. Mpaka lero ndikadutsa pamenepo ndimaoloka msewu. Kampani ya dikoda sindiitchula chifukwa vuto silinali lawo.

Ndiye inu mukuti nditani. Gulani dishi. Inde, ndi zonse ndanenazi, gulani dishi, chifukwa pachilumba ndi yokhayo imene siidalira nsanja ya munthu, imangofuna kumwamba koyera ndi magetsi. Koma ikhale ya masentimita 90, ndipo muinyamule nokha, muikhalire pafupi mu Ilala ngati mwana. Satelayiti ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 36,000, dishi ikangosuntha pang'ono chabe chithunzi chapita, ndipo mwera wa Meyi mpaka Ogasiti pa nyanja paja si mphepo ya ku Lilongwe. Isakwere padenga. Paipi yachitsulo yokwiriridwa ndi simenti pansi, kapena pakhoma la njerwa ndi mabawuti, pamalo poti munthu afikire ataima, kutali ndi nthambi za mango ndi malambe. Mvula yamphamvu ikamagwa chithunzi chidzathawabe ngakhale pa dishi yabwino, ndi mmene zilili ndi ma dishi onse, madzi a mumtambo amatchinga siginolo. Ikatero khalani pansi mudikire, ibwerera yokha. Musatume mwana.

Amisiri a madishi osawadziwa musawakhulupirire, ngakhale mmodzi. Komanso musayese kuika nokha, simungaipeze siginolo popanda kamakina kawo kaja. Pezani wa konko, amene mawa mukumana naye pamsika ku Mbamba, amene amayi ake mukuwadziwa pakhomo. Akakhala kuti palibe, bola mutenge wa kuno kapena wa ku Mzuzu wokhala ndi chiphaso cha kampani, koma muyende naye ndipo muime pompo mpaka amalize. Dikoda mulembetse pa dzina lanu ndi nambala yanu muli pa kauntala, ndalama ya mwezi muzilipira nokha pa Airtel Money kapena Mpamba, isadutse m'manja mwa munthu. Mugulenso LNB yapadera, timitu tolumikizira waya, adaputala ya dikoda ndi rimoti, muziike mukatoni. Kanthu ka ndalama zochepa kakafa kumeneku mukhala sabata kapena kuposa kudikira kuti wina abwere nako pa sitima. Magetsi masiku ano ali bwino kusiyana ndi kale, EGENCO inaika sola kuwonjezera pa majenereta a dizilo, komabe gulani kotetezera zipangizo magetsi akabwera mwamphamvu, ndipo kukayamba ziphaliwali zulani pulagi ndi waya wa dishi womwe.

Za kampani zili ndi inu ndi thumba lanu. Ngati kwanu kuli openga ndi mpira wa ku England, ndi DStv chifukwa cha SuperSport. Ngati mukungofuna nkhani, makatuni a ana ndi mafilimu, funsani mitengo ya Azam TV, Zuku ndi StarSat, ndipo muonetsetse ndi maso anu pashopu kuti MBC, Times ndi Zodiak zilimo mu phukusi mukugulalo, osangomva pakamwa. Kumbukiraninso kuti zinthu izi zimayendera dola. Kwacha itagwa ndi 44% mu Novembala 2023 tonse tinaona zimene zinachitika ndi mitengo. Ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho MultiChoice, kampani ya DStv, inalengeza kuti ikuchotsa DStv m'Malawi itasemphana ndi MACRA, bungwe loyang'anira mawailesi ndi ma TV, pa zokweza mitengo, mpaka inadzabwerera kumapeto kwa chaka. Ndiye musalipiriretu miyezi yambirimbiri, ziribe kanthu ndi kampani iti.

Intaneti ndiye musaiwerengere kuti ikhale TV ya banja. Netflix kapena YouTube pa chithunzi wamba imadya pafupifupi 1GB pa ola, mukafuna chowala bwino imafika 3GB, ndiye mpira umodzi bandulo yatha, ana sanaonere kanthu. Netiweki imasiyana mudzi ndi mudzi, pena pamtunda igwira, kutsikira kugombe yathawa. Chinanso chimene anthu a kuno sadziwa, Mozambique ili pafupi kwambiri, Cobué mumachita kuiona ndi maso, ndiye foni ikhoza kudumphira pa netiweki ya kutsidya n'kukudyerani mayunitsi ngati muli kunja kwa dziko. Tsekani roaming, netiweki musankhe pamanja. Musananyamuke kuno dzazani mafilimu ndi makatuni pa flash, TV zambiri zili ndi polowetsa, idzakuthandizani masiku a mvula. Starlink, intaneti ya pa satelayiti, inafika m'Malawi mu 2023 ndipo pachilumba ndiye pamalo pake penipeni, koma kugula zida zake ndi kulipira mwezi ndi mwezi pa malipiro a boma nokha simungakwanitse. Mukapeza anzanu a kuntchito okhala moyandikana, mukhoza kusonkherana.

Bambo anga okha anakana, ati pakhomo pawo chitsulo chimenecho chisadzabwerenso, ndipo sindinawakakamize. Ndinawagulira foni yaikulu, ndimawatumizira bandulo, mdzukulu yemwe uja amawatsegulira zigoli pa YouTube m'mawa mwake, ndipo akuti zikuwakwanira. Mpira waukulu amakaonera kwa anzawo. Koma inu muli ndi ana ang'ono ndipo mukakhala zaka, dishi ikufunikani. Ndiuzeni ku inbox mudzi umene akupatsani nyumba, kaya ndi ku Chipyela, ku Nkhwazi kapena mbali ya kwathu, ndikupatsani nambala ya mmisiri amene anatulukira zachinyengo zija, ndipo mchemwali wanga akhoza kukakulandirani potsika sitima kuti katundu asagwiridwe ndi anthu osawadziwa.