Chiphaso cha mfuti cha ku Indiana chimathera pa malire a Illinois

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina wa kwathu amene wakhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, kwa zaka 9. Dzina ndalisunga monga anapemphera. Akuti:

"Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, nthawi zambiri usiku. Chaka china achifwamba anandiimitsa pamalo oimika galimoto ndikuweruka. Kuchoka apo ndinagula mfuti yaing'ono n'kutenganso chiphaso choyenda nayo, chija amati n'cha moyo wonse. Tsopano ndapeza ntchito kufupi ndi Chicago ndipo mwezi wamawa tikusamuka ndi mayi a kunyumba ndi ana awiri. Ndili ndi green card, chitupa chondilola kukhazikika m'dziko lino ngakhale sindine nzika. Kodi chiphaso changachi chigwirabe ntchito kumeneko? Ndakhala ndikupita ku Chicago mfuti ili m'galimoto, ndipo mnzanga wina anandiuza kuti n'zololedwa."

Achimwene, pepani ndi zimene zinakuonekerani usiku umenewo, ndipo mwachita bwino kufunsa katundu asanakwere lole. Yankho ndi ayi. Illinois, chigawo chimene muli mzinda wa Chicago, salemekeza chiphaso choyenda ndi mfuti cha chigawo china chilichonse, kaya Indiana, kaya Texas, kaya Florida. Mawu akuti "moyo wonse" ndi lonjezo la Indiana kwa anthu ake, ndipo wapolisi wa ku Cook County, dera limene kuli Chicago, alibe nalo gawo.

Chimatisokoneza ife obwera n'chakuti kwathu boma ndi limodzi. Lamulo la ku Nsanje ndi lomwelo ku Chitipa, ndipo pepala losainidwa ku Lilongwe palibe amalikana ku Mzuzu. Kuno zigawo 50 zija, zimene eni ake amati ma state, chilichonse chili ndi nyumba yake ya malamulo, makhoti ake ndi apolisi ake. Laisensi yoyendetsera galimoto amalandirana onse, n'chifukwa chake timaganiza kuti pepala lililonse limayenda choncho. La mfuti silitero. Chigawo chilichonse chimasankha chokha ziphaso za anzake zimene chizilemekeza. Kuchoka ku South Bend kufika ku Chicago ndi makilomita pafupifupi 150, ulendo wosakwana maola awiri pa msewu wolipira uja, koma pa nkhani ya mfuti mwalowa dziko lina. Ku Indiana, kuyambira pa 1 July 2022, munthu wamkulu amene malamulo samuletsa kukhala ndi mfuti akhoza kuyenda nayo popanda chiphaso n'komwe. Pomwe Illinois ndiye anali womaliza m'dziko lonse kulola anthu wamba kuyenda ndi mfuti zobisa, ndipo anavomera mu 2013 khoti la apilo litachita kumukakamiza pa mlandu wa Moore v. Madigan chakumapeto kwa 2012. Ngakhale chigamulo cha khoti lalikulu cha June 2022 pa mlandu wa Bruen, chimene chinati munthu ali ndi ufulu woyenda ndi mfuti kunja kwa nyumba yake, sichinachotsere zigawo mphamvu yofuna chiphaso chawochawo.

Tsono za mnzanu uja. Sanakunamizeni, koma zimene anakuuzanizo zili ndi tsiku lothera, ndipo pamenepa ndi pamene ndikukuderani nkhawa kwambiri. Lamulo la Illinois limalola mlendo wa chigawo china, amene kwawo ndi wololedwa kuyenda ndi mfuti, kukhala nayo yobisa mkati mwa galimoto yake. Mwayi umenewu ndi wa alendo okha. Tsiku limene mwasanduka munthu wokhala ku Illinois, mwayiwo watha. Galimoto ndi yomweyo, mfuti ndi yomweyo, msewu ndi womwewo umene munkadutsa popita kukaona abale, koma chimene chinali chololedwa mu June chasanduka mlandu mu July chifukwa choti mwasintha adiresi. Anthu ambiri amagwa apa osati chifukwa cha mwano, koma chizolowezi: amangoika mfuti pomwe amaika masiku onse n'kuliza galimoto.

Kumeneko mapepala ndi awiri, ndipo musawasakanize. Loyamba ndi khadi lotchedwa FOID, limene apolisi a chigawo, a Illinois State Police, amapereka. Lamulo lake ndi la kale, la m'chaka cha 1968. Khadi limeneli si loyendera ndi mfuti, ndi longokulolani kukhala nayo, ngakhale m'kabati kunyumba kwanu. Popanda ilo simungagule ngakhale bokosi la zipolopolo. Mtengo wake ndi madola 10 ndipo limakhala zaka 10. Wobwera kumene amapatsidwa masiku 60 kuchokera tsiku limene watenga laisensi ya galimoto kapena chitupa cha Illinois kuti akhale atapeza khadili. Lamulo limati apolisi ayankhe pasanathe masiku 30, koma zaka zina anthu adikirapo miyezi. Choncho tsiku lomwe mwatenga laisensi yatsopano, madzulo ake lembetsani pa intaneti. Adzafuna nambala ya pa green card yanu, ikhale pafupi.

Lachiwiri ndiye laisensi yoyenda ndi mfuti yobisa, imene anthu amangoti CCL. Iyi ndiyo imalowa m'malo mwa chiphaso chanu cha Indiana, ndipo siibwera mophweka. Pamafunika zaka 21 zakubadwa, FOID, ndi maphunziro a maola 16 kwa mphunzitsi wovomerezeka ndi chigawocho. Ku Indiana sanakufunseni maphunziro alionse, ndiye konzekerani Loweruka ndi Lamlungu lathunthu. Pamapeto pake pali mayeso oombera: zipolopolo 30, khumi pa mtunda wa mayadi 5, khumi pa 7, khumi pa 10, ndipo zosachepera 21 ziyenera kulasa chandamale. Boma limalipiritsa madola 150, kuphatikiza apo ndalama za mphunzitsi, ndipo laisensiyo imakhala zaka 5. Mukapereka zidindo za zala, apolisi ali ndi masiku 90 oti ayankhe. Mukapanda kupereka, masiku 120. Ine ndikanapereka zidindozo. Ndipo maola 16 amenewo musawaone ngati chilango. Gawo lalikulu ndi la malamulo, makamaka nthawi imene munthu amaloledwa kuwombera ndi imene saloledwa, zinthu zimene ambiri oyenda ndi mfuti sanazimvepo kwa munthu wodziwa.

Ndiye kuti pali miyezi itatu kapena inayi imene mudzakhale mulibe chilolezo choyenda ndi mfuti m'chiuno. Ndikudziwa kuti ndi miyezi yomweyo imene mudzakhale mukuweruka usiku m'dera lachilendo, mtima uli m'mwamba. Komabe mfutiyo ikhale kunyumba, yokhomeredwa. Mukafuna kupita nayo kokayeserera kuwombera, ichotseni zipolopolo, muitsekere m'chikwama chake, FOID ili m'thumba. Tsiku losamukalo chitaninso chimodzimodzi: yopanda zipolopolo, m'bokosi lokhoma, ku buti, zipolopolo pazokha. Musaiike m'katoni ya ziwiya yokwera lole ya anthu osamutsa katundu.

N'chifukwa chiyani ndikulimbikira chonchi? Chifukwa cha green card. Kugwidwa ndi mfuti yodzaza pa msewu wa Illinois ulibe CCL ndi mlandu waukulu, wa ndende ya chaka chimodzi mpaka zitatu. Kwa mbadwa ya dziko lino zimenezo n'zowawa kale. Kwa inu pali chikwapu chachiwiri. Lamulo la boma lalikulu loona za anthu obwera limanena kuti munthu amene si nzika akapezeka wolakwa pa mlandu wokhala kapena kuyenda ndi mfuti mosemphana ndi lamulo, akhoza kuthamangitsidwa m'dziko, ngakhale atakhalamo zaka 20. Sizitengera kuti walowa m'ndende kapena ayi. Munthu akhoza kuvomera mlandu kukhoti pofuna kuti nkhani ithe msanga, woweruza n'kumupatsa chilango chogwirira kunja, iye n'kumapita kwawo akuthokoza Mulungu, osadziwa kuti kuvomera komweko kwatsegula fayilo ina ku imigireshoni. Zaka 9 za ntchito ya usiku, sukulu ya ana, zonse pa chiswe chifukwa cha chitsulo chimene chikanatha kudikira m'kabati. Ngati zitavuta, Mulungu aletse, musavomere kalikonse musanalankhule ndi loya wodziwa za imigireshoni, osati wa milandu yekha.

Kuti muone kuti sakhululukira munthu chifukwa cha mtima wabwino, kumbukirani Shaneen Allen, mayi wa ana awiri wa ku Philadelphia. Anali ndi chiphaso chabwinobwino cha Pennsylvania. Mu October 2013 anaoloka kulowa New Jersey, wapolisi anamuimitsa pa nkhani ya pamsewu, ndipo iye yekha mwaulemu anaulula kuti ali ndi mfuti ndi chiphaso. Anamumanga pomwepo, ndipo mlandu wake unali wa zaka zosachepera zitatu ndi theka. Anapulumuka nkhaniyo itamveka dziko lonse, ndipo bwanamkubwa Chris Christie anamukhululukira mu 2015. Ameneyo anali mbadwa, manyuzipepala ali pambuyo pake. Inu ndi ine tisayembekezere mwayi wotere.

Pali kanthu kena koti mukaone usiku uno: magazini ya mfuti yanu imalowa zipolopolo zingati? Kuyambira mu January 2023 Illinois analetsa magazini a mfuti zazing'ono opitirira zipolopolo 15. Glock 19 imabwera ndi ya 15, koma Glock 17 imabwera ndi ya 17, ndipo ku Indiana palibe amawerenga zimenezi. Ngati yanu yapitirira, igulitseni musanasamuke ndipo mugule yaing'ono.

CCL ikadzabwera, musadzaganize kuti mwabwerera ku ufulu wa ku South Bend. Malo oletsedwa ndi ambiri: sukulu, makhoti, nyumba za boma, malaibulale, mabwalo a masewero, mapaki a mzinda, malo amene ndalama zawo zambiri zimachokera ku mowa, ndiponso mabasi ndi sitima, kaya za CTA kaya za Metra. Mwini sitolo akhozanso kumata pakhomo chikwangwani chaching'ono cha mfuti yodulidwa ndi mzere wofiira, ndipo chikwangwanicho ndi lamulo. Chokhudza inu kwambiri n'chakuti zipatala ndi nyumba zosamalira okalamba zili pa mndandanda womwewo. Ndiye kuti kuntchito simudzalowa nayo. Lamulo limalola wa CCL kuisiya yobisika m'bokosi, m'galimoto yokhoma pamalo oimikapo, koma funsaninso malamulo a abwana anu, ndipo dziwani kuti mfuti zambiri zimene zimabedwa m'mizinda ya kuno zimabedwa m'magalimoto. Kabokosi kachitsulo komangirira ku mpando ndi waya n'kotsika mtengo.

Wapolisi akakuimitsani ku Illinois n'kufunsa ngati muli ndi mfuti, lamulo limati muyankhe zoona ndi kuonetsa laisensi. Apa ndilankhule ngati munthu wakuda mnzanu. Philando Castile, amene anaphedwa ndi wapolisi ku Minnesota mu July 2016, anali ndi chiphaso ndipo anali atangonena kumene kuti ali ndi mfuti. Zimitsani injini, yatsani magetsi a mkati ngati kuli mdima, manja onse akhale pa chiwongolero, ndipo musapise m'thumba mpaka iye atanena chochita.

Za chiphaso chakalecho, adziwitseni a Indiana State Police kuti mwasamuka. Ndipo musadalire kuti chikuthandizani ku Michigan mukamapita ku Niles kapena ku Berrien Springs kukapemphera ndi anzanu akale, chifukwa Michigan amalemekeza chiphaso chokhacho chochokera ku chigawo chimene munthuyo akukhala. Mukadzatenga cha Illinois, Indiana ndi Michigan onse adzachilandira.

Mwina mukuganiza zongoisiya mfutiyo kwa m'bale ku South Bend mpaka mapepala atatuluka. Samalani kuti m'baleyo ndani. Lamulo la boma lalikulu limaletsa munthu wopanda mapepala okhalira m'dziko lino kukhala ndi mfuti, ndipo limaletsanso ambiri amene ali pa viza ya sukulu kapena ya ulendo. Mukasiyira mphwanu wa ku koleji, mwamuika m'madzi ndipo nanu mwalowamo. Komanso mukangosanduka wa ku Illinois, simungapatse kapena kugulitsa mfuti yaing'ono kwa munthu wa ku Indiana pamanja. Iyenera kudzera kwa wogulitsa mfuti wa laisensi. Ngati mtima wanu ukuti chitsulochi chakwana, nthawi yabwino yochigulitsa ndi ino, musananyamuke, ndipo palibe manyazi pamenepo. Mwinanso dera limene mukupitalo ndi malo oimika galimoto a kuntchito yatsopano sizidzafuna zimene South Bend inafuna usiku uja.

Ine sindine loya, ndipo malamulo a mfuti a Illinois amakhalira kukokedwa m'makhoti, choncho sabata yosamukayo tsegulani tsamba la Illinois State Police muwerenge zimene zilipo tsiku limenelo.

Mwatchula mayi a kunyumba ndi ana awiri. FOID ndi ya munthu mmodzi, si ya banja. Ngati mayi adzadziwe nambala ya bokosi la mfuti, kapena adzafune kuigwira usiku inu muli kuntchito, nawonso alembetse yawo tsiku lomwelo, madola 10 enanso. Ndipo m'nyumba yatsopano, makatoni ali mbwee, ana akutsegula chilichonse kufunafuna zidole zawo, bokosi lokhomalo likhale katundu woyamba kulowa ndi kupeza malo ake, bedi lisanamangidwe.