Oyster ku London: musaiwale kugunditsa potuluka

Abale amene mwangofika ku London, khadi ya Oyster, yolipirira mabasi ndi sitima, ipezeni sabata yoyamba yomweyo. Imagulidwa pa makina a pa siteshoni ya Tube (sitima zapansi pa nthaka) kapena m'magolosale okhala ndi chizindikiro chake, ndipo mumaikamo ndalama ngati mmene timaikira mayunitsi mufoni. Mabasi akuno anasiya kulandira kashi mu 2014, choncho kutulutsa mapaundi pamaso pa dalaivala n'kungochedwetsa anzanu pamzere.

M'basi mumagunditsa khadi kamodzi, pokwera basi. Mukasintha basi ola lisanathe, simulipiranso. Pa sitima ndiye pali nkhani: mugunditse pa kachozungulira kachikasu polowa, mugunditsenso potuluka. Mukaphonya kumodzi, makina sadziwa kumene mwatsikira, ndiye amakudulani mtengo wapamwamba kwambiri.

Pa Tube zitseko zimakukumbutsani zokha chifukwa sizitseguka. Msampha uli pa DLR, sitima zopanda dalaivala zija za kum'mawa kwa mzinda. Masiteshoni ake ambiri alibe zitseko. Kamakina kamangoima pambali, pafupi ndi masitepe, ndipo munthu wochokera ku shifiti yausiku, maso ali psuu ndi tulo, amangokadutsa. Mawa lake n'kumadabwa kuti ndalama zapita kuti. Ngakhale mupeze zitseko zili chitsegukire, gunditsanibe, ndipo mudikire kalire kaye. Ulendo wosamaliza wotere suwerengedwa pa malire a ndalama zolipira pa tsiku, amene mukawafika mumayenda osadulidwanso.

Khadi ya kubanki nayonso imalipira pa makina omwewa. Ndiye musagunditse chikwama chonse, mungalowe ndi khadi ina n'kutuluka ndi ina, zonse ziwiri n'kudulidwa. Khadi imodzi ndi ya munthu mmodzi. Zopatsirana ndi achimwene pachitseko sizitheka. Ana osakwana zaka 11 amakwera ulere akakhala ndi wamkulu wolipira.

Ngati ntchito ikulola, pewani 6:30 mpaka 9:30 m'mawa ndi 4 mpaka 7 madzulo, Lolemba mpaka Lachisanu, poti sitima imadula nthawi imeneyo. Ine ndimaona kuti kulembetsa khadi pa intaneti ya TfL, bungwe loyendetsa mabasi ndi sitimazi, n'kofunika kuposa mmene anthu amakutengera: ikatayika ndalama zanu zimabwezedwa, komanso ndi komwe mungapemphere kuti akubwezereni mukaiwala kugunditsa.

Opita ku Reading pa sitima ya Elizabeth line, Oyster imathera pa West Drayton. Kupitirira apo, gulani tikiti kapena lowani ndi khadi ya kubanki kuyambira pomwe mwakwerera.